Kuunika mawere: cheza cha makina chili ndi mlingo wake

Mwezi wa Okutobala ukafika, mauthenga olimbikitsa amayi kukayezetsa khansa ya m'mawere amamveka pawailesi, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'magulu a amayi. Koma uthengawo ukamafalikira pamakhalanso manong'onong'o oyenda nawo limodzi: ati makina ojambula mawere aja amawotcha m'kati mwa thupi, ati mayi amapita ali bwinobwino n'kubwerako atatenga khansa imene amakayezetsayo.

Mantha amenewa ali ndi pochokera. Makina ounikira mawere, omwe achipatala amawatcha mammography, amagwiritsadi ntchito cheza cha X-ray, ndipo cheza chimenechi chikachuluka chimavulaza. Nkhani yagona pa kuchuluka kwake. Cheza chimene mayi amalandira pounikidwa n'chochepa kwambiri, koma chimakhala chochepa pokhapokha pali munthu amene akuchiyeza, kuchilemba ndi kukonza makina akayamba kulakwitsa.

Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'chaka cha 2022 amayi okwana 2.3 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mawere ndipo anthu pafupifupi 670,000 adamwalira nayo. M'dziko muno khansa imene yatsogola pakati pa amayi ndi ya khomo la chiberekero, koma ya m'mawere ili m'gulu la zimene zikutsatira, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale. Choncho mayi amene wathawa makina chifukwa cha mphekesera akhoza kutaya nthawi imene ikadapulumutsa moyo wake.

Zimene makinawa amachita

Cheza cha X-ray adachitulukira katswiri wa sayansi wa ku Germany, Wilhelm Röntgen, mu Novembala 1895. Sichioneka ndi maso, koma chimadutsa m'mnofu n'kusiya chithunzi cha zam'kati. Mu 1913 dokotala wa opaleshoni wa ku Berlin, Albert Salomon, adajambula mawere amene adali atachotsedwa kwa odwala ndipo adaona kuti khansa imaoneka mosiyana ndi mnofu wabwino. Makina opangidwira mawere okha adabwera m'zaka za m'ma 1960, kuchokera ku ntchito ya Charles Gros wa ku Strasbourg m'dziko la France.

Masiku ano mayi amaima kutsogolo kwa makinawo, wojambula n'kuika bere pa kathebulo kakang'ono. Kenaka chipangizo cha pulasitiki chimatsika n'kulipanikiza kwa masekondi angapo. Kawirikawiri bere lililonse limajambulidwa kawiri, kuchokera pamwamba ndi cham'mbali, kutanthauza zithunzi zinayi zonse pamodzi.

Chithunzi chabwino chimatha kuonetsa kachotupa kamene dzanja silingakamve, komanso timadontho toyera tating'onoting'ono ngati fumbi la choko, tomwe nthawi zina timakhala chizindikiro choyamba cha khansa. Makina akazima cheza chimatheratu pomwepo. Sichitsalira m'thupi, sichilowa mu mkaka, ndipo mayi sangapatsire mwana kapena mwamuna wake.

Phunziro lidachokera kwa odwala TB

Kuti bere silifuna cheza chambiri, madokotala adaphunzira movutikira. Mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB asadapezeke, odwala ku America ndi ku Canada ankathandizidwa powalowetsa mpweya m'chifuwa kuti phapo lodwala lipume. Nthawi iliyonse akamachita zimenezi, madokotala ankaunika chifuwacho ndi X-ray, moti amayi ena adaunikidwa kopitirira ka 100.

Mu 1965 dokotala wa ku Nova Scotia m'dziko la Canada, Ian MacKenzie, adalemba kuti khansa ya m'mawere idali yochuluka modabwitsa pakati pa amayi amene adadutsa m'chithandizo chimenechi. Kafukufuku wa anthu amene adapulumuka ku mabomba a atomiki ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945 adasonyezanso zomwezo, ndipo adawonjezera mfundo ina yofunika: chiopsezo chimakhala chachikulu kwa amene adalandira chezacho ali atsikana kapena amayi achitsikana, ndipo chimachepa munthu akamakula. Khansayo simabuka msanga, imatenga zaka 10 kapena kuposerapo.

Choncho pamene America idayamba kuunika amayi ambirimbiri m'zaka za m'ma 1970, mkangano udabuka. Mu 1976 katswiri wa kafukufuku wa khansa, John Bailar, adachenjeza kuti kwa amayi osafika zaka 50 cheza cha makina a nthawi imeneyo chikadatha kubweretsa mavuto olingana ndi phindu lake. Chenjezoli lidathandiza kukankha opanga makina ndi achipatala kuti achepetse mlingo.

Padapezekanso kuti zipatala zinkasiyana kwambiri. Zina zinkatulutsa zithunzi zabwino ndi cheza chochepa, zina zinkapereka chochuluka koma zithunzi zake zosaoneka. Mu 1992 dzikolo lidakhazikitsa lamulo la Mammography Quality Standards Act, lomwe limati chipatala chilichonse chounika mawere chikhale ndi chiphaso ndipo chiziyenderedwa chaka ndi chaka.

Kodi chochepacho n'chochuluka bwanji?

Monga chimanga chimayezedwa m'makilogalamu, cheza nacho chili ndi miyezo yake. Chimene chalowa m'mnofu wa bere amachiyeza mu milligray, mwachidule mGy. Akatswiri amaikapo chidwi pa timinofu topanga mkaka chifukwa khansa imayambira mmenemo. Pa bere la usinkhu wapakatikati, chithunzi chimodzi chimapereka pakati pa 1 ndi 2 mGy.

Lamulo la ku America limati makina akamayesedwa pa chipangizo choimira bere wamba asapitirire 3 mGy pa chithunzi chimodzi. Malangizo a maiko a ku Ulaya amaika 2.5 mGy pa bere limene likapanikizidwa limachindikala masentimita 5.3.

Pofuna kuyerekeza ndi zinthu zina, amagwiritsa ntchito muyezo wina wotchedwa millisievert, mwachidule mSv, umene umaona za thupi lonse. Zithunzi zinayi za mawere zimakwana pafupifupi 0.4 mSv. Chithunzi cha chifuwa, chimene anthu ambiri adajambulitsapo poyezetsa TB, chimakhala cha m'ma 0.1 mSv, pomwe sikani ya CT ya pamimba imafika pafupifupi 8 mSv.

Palinso cheza chimene munthu aliyense amalandira osadziwa, chochokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya, m'zakudya ndi kumlengalenga. Nthambi ya United Nations yoona za nkhaniyi idawerengera kuti munthu wamba amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka. Ndiye kuti kuunikidwa mawere kamodzi kukulingana ndi cheza chimene mayi amalandira pa miyezi iwiri akungolima ndi kugulitsa pamsika.

Anthu ambiri amasokoneza kuunika ndi chithandizo chowotcha khansa. Izi n'zosiyana kutalitali. Powotcha khansa ya m'mawere, madokotala amapereka dala 40,000 mpaka 50,000 mGy pa masabata angapo kuti aphe maselo odwala. Pounika bere limodzi pamalowa 3 kapena 4 mGy basi.

Phindu ndi chiopsezo pa sikelo

Walira mvula walira matope. Akatswiri sanena kuti chiopsezo palibiretu. Amayendera mfundo yakuti cheza chilichonse, ngakhale chochepa, chikhoza kuwonjezera pang'ono mpata wodzadwala khansa m'tsogolo.

Kafukufuku wotsogozedwa ndi Diana Miglioretti, amene adasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya Annals of Internal Medicine, adayesa kuwerengera nkhaniyi. Adapeza kuti amayi 100,000 a ku America atamaunikidwa chaka chilichonse kuyambira zaka 40 mpaka 74, cheza chikhoza kuyambitsa khansa mwa amayi 125 ndipo 16 mwa iwo angamwalire nayo. Koma kuunika komweko kungapulumutse amayi 968 ku imfa ya khansa ya m'mawere. Pa imfa imodzi yobwera ndi cheza, pali miyoyo pafupifupi 60 yopulumuka.

Kafukufuku yemweyo adasonyeza kuti kuyamba pa zaka 50 n'kumaunikidwa kamodzi pa zaka ziwiri kumachepetsa chiopsezo cha chezacho kasanu. Adapezanso kuti amayi a mawere aakulu amalandira chochulukirapo, chifukwa nthawi zambiri pamafunika zithunzi zowonjezera kuti bere lonse lioneke.

Ziwerengerozi zidawerengedwa poganizira makina osamalidwa bwino ndi antchito odziwa ntchito yawo. Makina akakhala kuti palibe amawayang'anira, masamu amenewa sagwiranso.

Kuchepetsa kwambiri nakonso n'koopsa

Wina angaganize kuti njira yabwino n'kungotsitsa cheza mpaka pansi. Koma zili ngati feteleza m'munda: ukathira wambiri umawotcha chimanga, ukaumira sukolola. Cheza chikachepa mopitirira, chithunzi chimatuluka chamadonthomadontho, ndipo khansa yaing'ono imabisala. Mayi amabwerera kwawo atauzidwa kuti ali bwino pomwe matenda akukula. Mwinanso amajambulidwa kachiwiri, n'kulandira cheza chowirikiza.

N'chifukwa chake odwala alibe malire okhwima ngati amene antchito ali nawo. Wojambula amavala kabaji koyeza cheza ndipo malamulo a padziko lonse salola kuti apitirire 20 mSv pachaka, powerengera zaka zisanu pamodzi. Kwa wodwala pali mfundo ziwiri. Yoyamba n'njakuti pakhale chifukwa chomveka chomujambulira. Yachiwiri n'njakuti alandire chochepetsetsa chimene chingatulutse chithunzi chothandiza dokotala.

Kupanikiza bere, kumene amayi ambiri amadandaula nako, kuli mbali ya chitetezo chimenechi. Bere likaphwathalala cheza chimadutsa mtunda waufupi, choncho pamafunika chochepa. Minofu imabalalikanso bwino kuti isaphimbe chotupa, ndipo bere siligwedezeka n'kuwononga chithunzi. Ululu wa masekondi ochepawo uli ndi ntchito yake, ngakhale mayi ali ndi ufulu wouza wojambula kuti aime kaye ngati wanyanya.

Sikelo nayo imafuna kuyezedwa

Aliyense wogulitsa mtedza kapena soya amadziwa kuti sikelo ya wogula ikhoza kunama, n'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi mapampu a mafuta a galimoto. Makina ounikira mawere nawonso amafuna owayendera.

Makina amakono ali ndi kachipangizo kamene kamayeza kuchindikala ndi kulimba kwa bere n'kusankha kokha mlingo woyenera. Akamaliza kujambula amalemba pa chithunzi chilichonse kuchuluka kwa cheza, kuchindikala kwa bere ndi mphamvu imene lidapanikizidwa nayo. Koma kachipangizoka kakhoza kusokonekera pang'onopang'ono popanda woona.

Choncho ntchito yoyang'anira ili pa magawo angapo. Wojambula amayenera kumajambula pafupipafupi chipangizo cha pulasitiki choimira bere, momwe adabisamo tiulusi, timadontho ndi timibulu. Zimenezi zikapanda kuoneka mokwanira, kapena mlingo ukasintha kusiyana ndi masiku onse, makina amayenera kuimitsidwa mpaka atakonzedwa.

Kamodzi pachaka, kapena kawiri m'maiko ena, pamafika katswiri wa fizikisi ya zachipatala ndi zida zake zoyezera, kudzatsimikiza ngati nambala zimene makina akulemba zili zoona. Amabweranso makina akangoikidwa kumene kapena akakonzedwa kwambiri.

Gawo lina ndi kusonkhanitsa nambala za amayi ambiri amene ajambulidwa, n'kuziyerekeza ndi mlingo umene zipatala zina zikupereka pa mawere a usinkhu womwewo. Njira imeneyi adailimbikitsa mu 1996 a International Commission on Radiological Protection. Chipatala chikapezeka kuti chikupereka chochuluka kapena chochepa kwambiri kusiyana ndi zinzake, chimayenera kufufuza chifukwa chake. Amawerenganso kuti ndi amayi angati amene abwerezedwa kujambulidwa chifukwa chithunzi choyamba chidalakwika. Ku England, komwe ndondomeko ya boma younika amayi idayamba mu 1988, amafuna kuti obwerezedwa asafike atatu pa 100 alionse.

Nanga kuno kwathu?

Malawi idalowa m'bungwe la International Atomic Energy Agency mu 2006, ndipo mu 2011 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Atomic Energy Act. Lamuloli lidakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lomwe ntchito yake ndi kupereka ziphaso ndi kuyendera malo onse ogwiritsa ntchito cheza, kuphatikizapo zipinda za X-ray m'zipatala za boma ndi zolipira. Ojambula ambiri a m'dziko muno adaphunzira ku Malawi College of Health Sciences.

Makina ounikira mawere akupezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda ikuluikulu monga Lilongwe ndi Blantyre. Mayi wa ku Mponela, Luchenza kapena Jenda ayenera kupeza ndalama ya minibasi, mwinanso ya pogona, asadafike pa makinawo. Kwa iye chithunzi cholakwika chimatanthauza ulendo wina, ndalama zina ndi masabata ena a nkhawa.

Mavuto amene maiko ambiri a mu Africa amakumana nawo pa nkhaniyi ndi odziwika: akatswiri oyeza makina ndi ochepa, zida zosinthira zimachedwa kufika kuchokera kunja, magetsi amathimathima, ndipo makina ena olandira ngati mphatso amafika opanda pangano lowakonza. Pozindikira izi, akatswiri ojambula a mu Africa adakhazikitsa kampeni ya AFROSAFE ku Nairobi mu 2015, yolimbikitsa kuteteza odwala ku cheza chosafunikira. Mfundo yake ikukhudza aliyense wofuna kugulira chipatala makina: mtengo wa makinawo uphatikizepo owayeza, owakonza ndi maphunziro a owagwiritsa ntchito.

Si mayi aliyense afunika makinawa

Njira yoyamba yochepetsera cheza ndi kusajambula munthu amene sakufunika kujambulidwa. Pali kusiyana pakati pa kuunika mayi amene alibe vuto lililonse ndi kufufuza mayi amene waona chachilendo.

Mu 2014 WHO idalangiza kuti m'maiko amene ali ndi zipatala zokwanira, amayi a zaka 50 mpaka 69 aziunikidwa kamodzi pa zaka ziwiri. Koma kumene zipangizo ndi antchito n'zochepa, idati choyambirira chikhale kupeza msanga amayi amene ali ndi zizindikiro ndi kuwathandiza mwachangu. Mu 2021 bungweli lidaika cholinga chakuti mayi amene wafika kuchipatala ndi chizindikiro adziwe zotsatira zake pasadathe masiku 60.

Kwa atsikana ndi amayi osafika zaka 30, madokotala amayamba ndi sikani yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera. Sikaniyi imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso ndipo ilibe cheza cha X-ray. Mawere a mayi wachitsikana amakhala ndi minofu yothinana imene imaoneka yoyera pa chithunzi cha X-ray, monga momwe khansa imaonekeranso, komanso ndi amene amakhudzidwa msanga ndi cheza. Mtsikana wa zaka 22 wopanda vuto lililonse amene akufuna kujambulitsa chifukwa anzake ajambulitsa angolandira cheza popanda phindu.

Zimasintha ngati pali chizindikiro. Chotupa m'bere kapena m'khwapa, khungu lokhakhala ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi otuluka kunsonga, kapena chilonda chosapola, zonsezi zimafuna kupita kuchipatala chapafupi mosachedwa, ngakhale pasakupweteka. Zotupa zambiri za m'mawere sizikhala khansa, koma wodziwa kusiyanitsa ndi wachipatala. Dokotala akalamula kuti mayi wotere akajambulidwe, phindu limaposa chiopsezo kutali. Abambo nawonso asadziiwale, pakuti pafupifupi mmodzi pa odwala 100 alionse a khansa imeneyi amakhala mwamuna.

Safunsa adadya phula

Mayi wopita kukaunikidwa ali ndi mbali yake. Auze wojambula ngati ali woyembekezera kapena akudzikayikira, komanso ngati akuyamwitsa. Tsikulo asadzole paudala kapena mankhwala a m'khwapa, chifukwa ena mwa iwo amaoneka pa chithunzi ngati timadontho ta khansa n'kuchititsa kuti ajambulidwenso. Amene akadasamba angachite bwino kupita patatha sabata chimalizire kusamba, pamene mawere sapweteka kwambiri.

Atenge buku lake la kuchipatala ndi zithunzi zakale ngati adajambulitsapo kwina. Dokotala akayerekeza zakale ndi zatsopano amaona msanga chimene chasintha, ndipo izi zimapewetsa kujambula kosafunikira. Aonetsetsenso kuti tsiku limene waunikidwa lalembedwa m'bukumo.

Sikulakwa kufunsa mwaulemu chifukwa chimene akumujambulira, ngati makinawo ali ndi chiphaso, kuti adayezedwa liti komaliza, ndi kuti zotsatira adzazilandira liti ndipo kwa yani. Chipatala chimene chimasamala makina ake sichivutika kuyankha mafunso otere. Wojambula akanena kuti abwereze chithunzi, mayi akhoza kufunsa chimene chalakwika pa choyambacho.

Amuna, apongozi ndi ana akuluakulu ali ndi udindo waukulu, pakuti nthawi zambiri ndiwo amagwira ndalama ya ulendo ndipo mawu awo amalimbitsa kapena kufooketsa mayi. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mayi amene wamva chotupa n'kumachibisa chifukwa cha manyazi kapena kuopa makina akuika moyo wake pa chiswe chachikulu kuposa cheza cha miyezi iwiri chija.

Kwa oyendetsa zipatala ndi bungwe loyang'anira, ntchito ndi kuonetsetsa kuti makina alionse ounikira mawere m'dziko muno akuyezedwa pa nthawi yake ndipo mlingo wa mayi aliyense ukulembedwa. Zikatero, namwino wa pachipatala chaching'ono akamatumiza mayi ku Lilongwe kapena ku Blantyre adzatha kumuuza molimba mtima kuti ulendowo ndi wokamuthandiza.